Zala Sizimva Timapazi

Salisbury,
9 Okutobala 1957

Mng'ono wanga Robson,

Moni kwa iwe ndi onse kwathu ku Tembwe. Kodi muli bwanji? Amayi mwendo uja unaleka kutupa? Ine kuno ndikudzuka ndithu, koma mtima suli m'malo.

Ntchito yandithera. Ukudziwa kuti zaka khumi ndi chimodzi ndakhala ndikusanja zilembo za mtovu m'nyumba yosindikizira mabuku, chimodzichimodzi ndi zala. Chaka chatha tinalandira ntchito ya koleji yatsopano. Eni ake analamula kuti chilichonse chawo, makalata, masatifiketi, ngakhale timakadi toitanira alendo, chizituluka ndi mtundu umodzi wa zilembo, zokhala ndi timapazi kunsi, kuti munthu akangoona adziwe kuti ncha kolejiyo. Bwana anandipatsa ineyo bokosi la zilembozo, ati palibe wina wa diso ngati langa. Ndinkayenda ngati tambala, m'bale wanga.

Tikatha kusindikiza timabweza chilembo chilichonse m'kachipinda kake. Apo ndiye pandigwetsa. Chiyambire masika maso anga achita nkhungu, koma ndinabisa, osauza munthu. Ndinkangodalira zala. Kani zala sizimva timapazi! Miyezi yonseyi ndakhala ndikuponya zilembo zopanda mapazi m'bokosi la koleji.

Zinaululika pa masatifiketi. Munthu wa kukoleji anabwera nawo nkuwayala patebulo, dzina limodzi mitundu iwiri ya zilembo. Bwana sanakalipe, bola akanakalipa. Anangotola chilembo chimodzi nkundifunsa kuti ncha bokosi liti. Ndinachiyandikiza kumaso, ndinapita nacho pawindo, ndinachitembenuzatembenuza. Ndinalephera, Robson. Ndinalira pamaso pa anthu amene ndinawaphunzitsa ntchito ndine.

Kuchipatala andiuza kuti diso lamanzere lapita, lamanja likutsatira.

Manje pempho langa ndi ili. Ndinyamuka kumapeto kwa mwezi uno, mvula isanatseke njira. Basi ikanditula pa Lundazi, koma njira yotsikira kuchigwa sindingaiyende ndekha. Udzandichingamire, olo udikire masiku awiri. Ukadzandiona undiitane dzina. Usadzangoima chapatali nkumamwetulira monga umachitira iwe, chifukwa ndidzakupitirira. Amayi usawauze za maso, ndidzawauza ndekha nditakhala nawo pamphasa.

Undiperekere moni kwa amayi, kwa atate aang'ono a Hosea, kwa alamu anga a Tryness ndi ana, komanso kwa azakhali ku Chikwa. Kalatayi andilembera a Justin, amene timakhala nawo chipinda chimodzi. Ine ndingoikapo dzina, andigwire dzanja andionetse polemba.

Tsala bwino mpaka pa Lundazi.

Ndine mkulu wako,
Meshack