Shuga Salira Maliro

Lolemba, 6 Epulo 2020

Sabata yachitatu osagulitsa. Chiwaya chili pansi pa bedi, chayamba dzimbiri. Lachisanu ndinayesa kutulutsa mbaula pakona kuti ndiphikeko mikate ya lahoh pang'ono chabe, asilikali anabwera n'kuthira mchenga pamoto. Akuti korona. Korona ameneyu amadana ndi lahoh wanga yekha, pomwe amuna a m'Balbala muno akupezabe masamba awo otafuna masana alionse.

Ufa watsala wa pansi pa thumba. Mwana wanga Hodani akudya ngati wonyamula matumba kudoko, chonsecho zaka zisanu ndi zinayi zokha. Mbale ikutha ndisanakhale pansi.

Lendi ya Malichi sindinapereke. Hajiya Saada, mwini nyumba, wangondiyang'ana nthawi yaitali pamene ndimagula machesi mushopu yake. Mayi ameneyu akakhala chete ndiye kuti akunola mpeni.

Madzulo tinakhala pakhonde pake, motalikirana monga akulamulira. Nkhani yake yomweyo, Aoromo ochokera ku Ethiopia, okhala kukhwawa kumunsi kwathuku. "Ndiwo abweretsa matendawa, amalowa m'dziko ngati linthumbu," anatero. Ine ndinawonjeza kuti amagona mulumulu m'katoni imodzi, mbuzi zili bwino. Anaseka mpaka kutsokomola. Ndikamuseketsa, lendi imadikirako.

Loweruka, 11 Epulo

Boma likugawa mpunga ndi mafuta kwa eni dziko. Chitupa m'manja. Msewu wonse wapita, ine ndatsala ndi mutu wopweteka wabodza. Hajiya pobwerako: "Nimo, chitupa chako chija sichinapezekebe?" Ndinati achibale a malemu mwamuna wanga Guledi akukanirirabe nacho ku Ali Sabieh. Bodza lomweli kuyambira pamene Guledi anamwalira. Lakalamba, mano aguluka, koma likuyendabe.

Chitupa chake chiti. Guledi anandikwatira kwa shehe, pepala la boma ankangoti mawa, mawa, mpaka mawa lakelo linamupeza ali m'manda. Anandisiyira mwana ndi dzina loti Nimo. Chisomali ndinachinola ndekha m'makhitchini a anthu. Kimiya wa ku Deder, Muoromo, anatsala pamalire ali kamtsikana, ndipo akhale komweko. Kuno palibe amamudziwa, ngakhale Hodani. Hajiya sabwereketsa chipinda kwa munthu wa ku Ethiopia, amanena poyera kuti bola aikemo mbuzi.

Ndalemba dzina langa lenilenilo n'kuliphimba msanga ndi dzanja. Zopusa.

Lamulungu, 19 Epulo

Nkhani yatsopano pampopi. Kwabwera bungwe lina logawa ndalama kwa opanda zitupa okha. Ndalama zenizeni, za m'manja, zokwana lendi ya miyezi iwiri n'kutsalako za ufa. Hajiya wapsa mtima ngati zikuchoka m'thumba mwake. "Ulowe m'dziko la eni mozemba, udwalitse anthu, akulipire. Ife okhoma msonkho tilandire mpunga wa anankafumbwe." Ndinatukwana nawo, mwinanso ndinaposa. Pakamwa pakutukwana, mutu uli kwina.

Titatha anandiitanira pambali. Mwezi ukatha, Malichi ndi Epulo pamodzi, apo ayi kiyi. Ali ndi mphwake amene akufuna chipinda.

Ndafufuza mochenjera. A bungwelo anasowa pogwira. Munthu wopanda pepala umutsimikiza bwanji kuti alibe pepala? Akaitana poyera anthu amathawa, amaganiza kuti ndi msampha wa lole yowabweza kwawo. Ndiye ntchitoyo aipereka kwa afosha, gulu la amayi a kukhwawa losonkherana pamaliro. Amene afosha anena kuti uyu ndi wathu, walandira. Wamkulu wa afosha ndi Make Jamali.

Pa anthu onse a m'Djibouti muno, Make Jamali.

Nkhalamba ya maso obaya. Chaka chimene ndinasamukira kuno inandipeza pampopi, n'kuyang'ana mmene ndamangira chigubu kumsana, n'kundilonjera m'Chioromo. Ndinayankha m'Chisomali kuti sindikumva, ipite ikalankhule ndi anzake. Mwana wake Jamali atapsinjidwa ndi kontena kudoko, maliro anadutsa pakhomo panga penipeni. Ndinatseka chitseko. Nanga ndikanatani? Hajiya anali pakhonde. Iwo ali ndi khwawa lawo, ine ndinali ndi denga loti ndiliteteze. Sindipepesa kwa munthu.

Lamulungu, 26 Epulo

Ramadani yayamba. Kusala chaka chino n'kosavuta, kunyumba kuno tinayamba kale mu Malichi.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndapita. Dzuwa lili paliwombo, msewu wonse uli m'tulo, ndinazungulira kuseri kwa mzikiti, nsalu kumutu, masiki mpaka m'maso. Koyamba masiki kundithandiza.

Makatoni, malata a dzimbiri, ntchentche. Mayi wina m'chisakasa akuimbira khanda nyimbo ya kwathu. Ndinafuna kugenda denga lake kuti atseke pakamwa.

Make Jamali anali kusoka thumba. Ndinamulonjera m'Chioromo, mawu anatuluka olimba, lilime ngati la wina. Iye osatukula mutu. Kenako m'Chisomali chake chothyokathyoka: "Sindikumva, mayi. Pitani mukalankhule ndi anzanu." Amayi awiri amene anali pamenepo anasekera m'nsalu. Mawu angawo wawasunga zaka zonsezi osataya ndi limodzi lomwe.

Ndinatchula Deder, dzina la bambo anga, la agogo, tsiku la msika wa kwathu, mtsinje umene tinkachapako. Anandisiya ndimalize zonse. "Zimenezo ngakhale woyendetsa lole amazidziwa. Ife chitupa chathu ndi maliro. Amene tinamuona atakhala pamphasa ife tikulira, ameneyo ndi wathu. Iwe tinakuona pamaliro a yani?"

Ndinati ndili ndi mwana. Akuti Jamali nayenso anali mwana wa munthu.

Ndabwerera chimanjamanja. Mfiti yachikazi. Ndalama si zake, koma wazikhalira ngati nkhuku pamazira.

Lachiwiri, 28 Epulo

Kukhwawa kwagwa maliro. Mtsikana, dzina lake Biftu, wantchito wa m'nyumba za olemera ku Heron. Mabwana anamumva akutsokomola n'kumutulutsa ndi kachikwama kake. Wafera m'chisakasa cha mnzake. Thupi alitenga amuna ovala zoyera kuyambira kumutu mpaka kuphazi, osasambitsidwa ndi anthu ake, dzenje lake palibe akulidziwa. Koma afosha akuti mphasa iyalidwabe masiku atatu monga mwa nthawi zonse, amayi azilowa ochepaochepa chifukwa cha lamulo.

Uthenga wandipeza kudzera mwa mayi wogulitsa makala. "Make Jamali akuti mphasa ilipo." Basi.

Ndinaganiza zanzeru. Shuga wanga womaliza ndi khofi pang'ono, ndinamanga m'kansalu n'kupatsira wamakala yemweyo. Chopereka ndi chopereka, miyendo ya amene wanyamula ilibe ntchito. Dzuwa lisanalowe kansalu kabwerera, mfundo yake yomweyo. "Akuti shuga salira maliro."

Hodani wamwa tiyi wotsekemera, wakondwa. Mwezi utha mkuja.

Lachitatu, 29 Epulo

Mphwake wa Hajiya wabwera kudzaona chipinda, ine ndili momwemo. Osaodira. Wayeza khoma ndi manja, akuti kabati yake ikwana apa, pomwe pali bedi lathu. Hodani wamufunsa kuti kabatiyo akutipatsa ife? Munthuyo waseka.

Ndatenga nsalu kawiri kuti nditsikire kukhwawa, kawiri ndaibweza pamsomali. Ndikapanda kupita, chipinda chapita. Ndikapita Hajiya n'kundiona, chipinda chapitanso. Mutu ukuwawa, lero zoona.

Lachinayi, 30 Epulo

Ndapita. Tsiku lomaliza la mphasa.

Njira ya kuseri kwa mzikiti sinathandize. Amayi amakhala pamphasa chakumadzulo, pokonzekera kumasula kusala, nthawi imene msewu wonse uli pakhomo. Ndipo wopita kumaliro a kwathu sapita manja okha, amabereka kamtolo ka nkhuni kumsana. Wamakala anachita kundikumbutsa, ngati ndaiwala. M'Balbala muno ndi mtundu uti wina umabereka nkhuni ngati mwana? Ndinadutsa pashopu ya Hajiya nkhuni zili kumsana. Anali pakhonde ndi amayi ena. Moni sanandipatse.

Pamphasa sanandipatse malo. Anandipatsa mtondo. Wobwera kumene ndiye amasinja khofi, panja, poonekera kumtunda. Ndinasinja ngati mumtondomo muli mutu wa nkhalamba ija. Ana a mumsewu wathu anaima pamwamba pa khwawa kuonerera.

Kenako anandiitana m'kati. Panalibe make Biftu, panalibe m'bale aliyense. Kachikwama kokha pakati pa mphasa, ndi nsapato zapulasitiki, imodzi yomangidwa ndi waya. Amayi anayamba kulira mwa kwathu, kumutchula dzina, kumufunsa chimene wagonera kutali chonchi. Mtsikanayo sindinkamudziwa, nkhope yake sindinaionepo. Ine ndinabwera kudzalira lendi. Koma pakhosi panatseguka pokha, ndinalira kuposa onse, mpaka wina anandigwira mapewa. Zikundinyansa kuti anandiona choncho.

Make Jamali sanandiyang'ane n'komwe. Potuluka anangoti, "Dzina?" Ndinati Kimiya. "Mwana wa yani?" Ndinatchula. "Ubwere Lolemba."

Mwezi watha lero, koma Hajiya sanabwere kudzafuna kiyi.

Lolemba, 4 Meyi

Mzere wautali pamtetete, aliyense m'kabwalo kojambulidwa ndi phulusa. Amayi ena kumbuyo: "Perekani njira, Msomali wathu wafika." Ndinangoyang'ana kutsogolo. Mayi wa bungwe, magolovesi m'manja, mawu ofewa ngati akulankhula ndi khanda, anandifunsa ngati ndimadziwa kusamba m'manja. Ine wophikira msewu wonse. Make Jamali anali pambali pake pampando, akungogwedeza mutu kwa aliyense wofika. Kwa ine anachedwa dala asanagwedeze.

Sindinadzere n'kunyumba komwe. Molunjika kushopu, Malichi ndi Epulo patebulo. Hajiya anazitola ndi nsonga za zala n'kuziyanika padzuwa atazipsinja ndi mwala, akuti korona wa kukhwawa afe kaye. Kenako anandiyang'ana.

Bodza ndinali nditalikonza m'njira, loti ndinapita kukawapusitsa, kukawadyera ndalama zawo. Ndinali nditaliyamba kale pamene anandidula.

"Usadzivute, Nimo. Ndinadziwa tsiku lomwe Guledi anakubweretsa. Ukuganiza kuti chipinda chopanda zenera chija munthu wina angalipire zimene umalipira iwe? Wopanda chitupa sakadandaula kulikonse. Ndiye wolipira wabwino."

Zaka zonse zimene ndakhala pakhonde pake, kumuseketsa, kutukwana magazi anga omwe kuti asanunkhize kanthu. Iye ankaseka ine.

Ndinafunsa kuti nanga vuto lili pati, poti ndalipira. "Kudziwa ine n'kwina, kudziwa msewu wonse n'kwina. Ndili ndi ana aakazi oti akwatiwe, ndili ndi ogula. Mwezi wopatulika uno sinditulutsa munthu, ndine woopa Mulungu. Idi ikangopita, kiyi."

Ndalama wasunga. Zotsala ndagula ufa, ndipo Mulungu andikhululukire, ndagula mushopu yake yomweyo. Kwina n'kotseka.

Lachisanu, 22 Meyi

Sindinalembe. Ndikanalemba chiyani.

Ndayenda Balbala yense. Chipinda palibe kwa munthu amene mbiri yake imafika iye asanafike. Pampopi amayi akusuntha zigubu ndikayandikira, ndipo akutsogolera ndi omwe ankadya lahoh wanga osalipira.

Make Jamali wandipatsa malo, pakati pa wamakala ndi chimbudzi. Chifundo ayi, ndipo bola choncho. Akuti chopereka cha afosha ndi Lachisanu lililonse, maliro alionse ndizipezeka, ndikajomba ndizipita kumene ndinali. Makatoni ndipeze ndekha. Ndimamudabe, nayenso sanabise kuti amandida.

Lero ndayamba kumanga katundu. Hodani wafunsa kuti tikupita kuti. Ndinamulozera kumunsi. Anayesa ndikuseka. Ataona kuti ayi, anakwera pabedi n'kukhala pakona. "Ine kwa Aoromo sindipita. Ndi auve, ndi akuba, ali ndi matenda." Ndinati akhale chete, ndi anthu ngati ife. "Si anthu ngati ife, amayi. Munanena nokha."

Mawu anga, mpaka kapindidwe ka mlomo. Kenako anakweza nsalu ya kumutu n'kundionetsa bala pachipumi, layamba kale kuuma, ine osaliona masiku onsewa. Ana a mumsewu anamuuza za nkhuni ndi mtondo, akuti amako ndi Muoromo. Iye anamenyana nawo, yekha, mpaka wina anamugenda. "Ndinawauza kuti ndi bodza," anatero, monyadira, akudikira kuti ndimuyamike.

Akadali pabedi, wagwira chitsulo ndi manja onse awiri. Idi ndi mkuja. Ndiyenera kumuuza dzina langa lero, ndipo sindikudziwa kuti ndimuuze m'chilankhulo chiti.