Ndakoka Belu la Moto

San Jose, California

Okondedwa Bambo,

Muli bwanji kumeneko ku Hamtramck? Bondo lija likukulolani kupita ku Misa m'chisanu chimenecho? Ine thupi lili bwino, koma tulo tandithawa, ndipo zandigwerazi ndinaphunzira kwa inu.

Paja kampani yathu imapanga maloko otsegula ndi foni, ine n'kumayankha odandaula. Chiyambire kuzizira, anthu a ku Minnesota akungoimba kuti loko ikazizidwa imakana kutseguka. Agogo ena anachita kutulukira pawindo atavala zogonera. Kuno sikuzizira, ndiye palibe anaganizako zoiyesa m'chisanu. Mabwana anatilamula kuti aliyense tizimuuza kuti ndiye woyamba kudandaula. Bambo, anthu amene ndawauza kuti ndi oyamba atha kudzaza tchalitchi chathu. Wansembe wa kuno anandiuza polapa kuti tchimoli aliloweza kale, ndisamabwere nalo Loweruka lililonse.

Ndinapita kwa bwana wathu Tyler, amene amabwera kuntchito atavala patapata. Ndinamuuza kuti kufakitale yanu ya magalimoto ija buleki ikapezeka ndi vuto, boma limaonetsetsa kuti wogula aliyense walemberedwa kalata, galimoto ibwerere. Anandiseka, amvekere ife sitipanga magalimoto, tikupanga tsogolo, tidzakonza mwakachetechete pa intaneti.

Apo ndinakumbukira chingwe chija munkakoka kufakitale mukaona cholakwika, makina onse n'kuima. Ndinafunafuna ofesi yonse. Chokoka chinalipo chimodzi chokha, belu la moto. Ndinachita chizindikiro cha mtanda, n'kukoka.

Onse anathamangira panja, kompyuta kukhwapa, khofi osamusiya. Mkulu wa ozimitsa moto atafunsa kumene kukuyaka, ndinati, "Sikunayake, bambo. Koma tsiku lodzayaka ku Minnesota, chitseko sichidzatseguka." Sanaseke. Anafunsa kuti mwini kampani ndani.

Tsopano Tyler akuti Lachisanu la sabata yamawa ndisaine kuti mutu unandisokonekera ndi kutopa, apo ayi ntchito yatha. Ndikasaina ndanamanso. Ndikakana ndibwerera kwathu, chikhalirecho chipinda changa Azakhali a Wanda anadzazamo makina osokera. Nditani, Bambo? Kalatayi ikangofika mundiimbire, lisadutse Lachitatu.

Moni kwa Azakhali, kwa achimwene a Casimir ndi alamu, ndi ana onse. Muzindipempherera.

Komanso mphatso ndinakutumizirani pa Khirisimasi ija, ngati mwaiika kale pachitseko, muzigona zenera lakukhitchini lili losakhoma mpaka Isitala.

Ndine mwana wanu,
Bernadette