Chisoti chotsala cha Bambo Keane

Lachinayi, 14 Novembala 1996, North York

Kwazizira, ndipo tsiku layenda mwaulesi. Lero kunabwera katswiri wa zinthu zakale kudzaona zisoti zankhondo za ku Japan zimene Bambo Keane, agogo amene ndimawasamalira, akhala akusonkhanitsa moyo wawo wonse. Mwana wawo Susan akufuna kuzigulitsa chifukwa Lolemba bambowo akusamukira kunyumba yosungirako okalamba.

Katswiriyo anavala magolovesi oyera n'kumatembenuza chisoti chilichonse, akuunika m'kati ndi tochi kufunafuna dzina la wosula. Zonse anavomereza kuti zinavalidwadi ndi asamurai, ankhondo akale a ku Japan, kupatula chimodzi cha nyanga zagolide. Anati chitsulo chake n'chopyapyala, anangochipangira alendo odzaona dziko.

"Basi, chimenecho ndiye bambo apite nacho," anatero Susan. "Sazindikira."

Zinazo anaziika m'mabokosi n'kupita nazo bambowo ali mtulo masana. Atadzuka ndinawapatsa chotsalacho. Masiku ano amaiwala ngakhale dzina la mwana wawo, koma anachinyamula n'kuchigogoda ndi chala.

"Ichi n'chabodza, Grace," anatero. "Ndinachigula ndili mnyamata, ndisanadziwe kanthu. Zinzake zili kuti?"

Ndinawauza zoona, kuti zapita kukagulitsidwa. Anayang'ana mashelefu opanda kanthuwo, kenako anapempha tiyi, koma sanamwe. Chisoticho chinali pamiyendo pawo mpaka ndinaweruka.

Susan wandiimbira foni. Akuti mawa bambowo akafunsanso ndiwauze kuti zapita kokatsuka. Ndikudziwa kuti afunsanso, ndipo amene adzakhale nawo m'chipindamo ndi ine.