Mng'alu wa pansi pa nyumba yanu

Amayi, kodi mwadzuka bwanji kumeneko? Ife tilipo. Mkazi wa mchimwene wanga Yohane wachira, mwana wamkazi, ndipo tamutcha dzina lanu. Chinangwa chachita bwino, kungoti mbuzi za eni ake sizikutipumitsa.

Nkhani yaikulu ndi chivomerezi. Chinandipeza ndikuvuula chinangwa m'mawa, ndipo pofika kunyumba ndinapeza khoma la kuchipinda kwanu litang'aluka, dzanja kumalowa.

Lamulungu titaweruka ku tchalitchi, a Kachingwe, aphunzitsi a kusekondale ochokera ku Dedza, anatifotokozera. Akuti nyanja yathuyi inakhala m'chigwa chimene chinabwera chifukwa dziko likung'ambika pang'onopang'ono, mbali ina ikukokera kum'mawa. Miyala ya pansi imagwirana zaka zambiri, ndiye ikapulumuka nthaka imagwedezeka. Chija chinagwetsa nyumba ku Karonga akuti chinabweranso choncho. Anatinso palibe munthu angadziwe tsiku kapena malo pamene chidzaonekerenso. Zimenezo sindikutsutsa, munthu anaphunzira.

Chandidabwitsa ndi chakuti mawa lake a Kachingwe omwewo anatulukira pakhomo ndi manijala wa loji yatsopano yoyandikana nafe. Anazungulira nyumba manja kumbuyo, n'kunena kuti mng'alu wa dzikowo wadutsa pansi pa nyumba yanu penipeni. Akuti tisamukire kumtunda kwa msewu, malowa a loji awatenge pofuna kutithandiza. Ndinafunsa ngati mng'aluwo ukafika pampanda wa loji umakhota. Anangoseka. Dzulo lake sankadziwa malo, lero akuloza ndi chala!

Paja munkati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Yohane wavomera kale, ndipo masiku ano akuyenda ndi nsapato zatsopano. Sindikunena kanthu, ndikungoona.

Komabe mantha ndili nawo, Amayi. Bwanji ngati akunena zoona, khomalo n'kudzagwera ana chifukwa cha liuma langa? Panopa ndimawagoneka pabwalo. Koma kusamuka ndiye kuti manda anu atsale mkati mwa mpanda wa eni, tizikapempha kwa alonda kuti tilambule. Zimenezo mtima wanga ukukana.

Amene muli pansipo ndinu. Ngati nthakayo ikung'ambikadi, mudzandiuze kutulo, ndipo ndikulonjeza kuti ndidzanyamula ana tsiku lomwelo. Koma mukakhala chete, pano sindichokapo.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Esnati