Kachipangizo ka Bambo Kakungolira Paliponse

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno thupi lili bwino, koma mtima wanga suli m'malo.

Aneba atsopano akufuna kumanga mpanda. Chingwe chimene akoka chadutsa pakati pa kashedi kamene bambo amakonzera mawailesi. Akuti malire ndi amenewo, pokhapokha tiwaonetse chitsulo chimene chinakhomedwa pansi kalekale. Njerwa zabwera kale, ndipo amisiri ayamba maziko Loweruka.

Bambo aiwala pamene chili. Ndiye apanga kachipangizo kofufuzira zitsulo. Anakulunga waya wakopa pa chivindikiro cha ndowa, nkulumikiza ku kawailesi kakale, zonse nkumangirira pa ndodo ya mopu. Ine ndinkagwira mawaya iwo akuwotcherera. Atayesa pa supuni, kanalira. Anaseka mpaka kutsokomola, nkunena kuti aneba aona polekera.

Koma achimwene, titatuluka nako panja, kakungolira paliponse. Mukukumbuka kuti bambo ankatiuza tizikwirira zinyalala za m'shedi kuseri kuti ana asabayidwe? Bwalo lonse ndi misomali, masikuluu ndi mabatire akufa. Kakalira, bambo akumba. Pano maenje ali ponseponse, msana ukuwapweteka, chakudya chikumazizirira patebulo. Aneba amadutsa nkufunsa ngati golide wapezeka. Ine ndimangowerama.

Inu munalipo tsiku limene ankakhoma chitsulocho. Mayi asanamwalire ankanena kuti ndinu munagwirizira. Nditatchula zimenezi, bambo anati munthu amene anachoka atamenyetsa chitseko safunsidwa kanthu. Sakudziwa kuti ndikulemba.

Chonde imbani foni Loweruka lisanafike. Ngakhale mungonena kuti ndi cha kumpopi kapena cha kumtengo wa mapeyala. Koma musaimbire ine, muimbire bambo.

Ndikutero chifukwa dzulo anafukula belu la kanjinga kanu kaja, ladzimbiri lokhalokha. Zonse zimene akufukula amaponya pa mulu, koma ilo analipukuta ndi malaya nkuika m'thumba. M'mawa uno ndalipeza pa tebulo lawo la ntchito, atalithira mafuta. Likulira.

Mundiperekere moni kwa alamu, ana muwauze kuti azakhali awo awasowa. Mulungu akusungeni.

Ine mlongo wanu,
Chitsirizira