Anamapopa anu ali kwa mayi ake a Dyna

Achimwene Bauleni,

Musatsegule kabokosi ka makadi musanakhale pansi. Dzulo munawasanja bwinobwino, anamapopa, makadi a magazi ndi odzitetezera, kuti mukawine mpikisano wa Loweruka. Ine m'mawa uno ndasankhamo anamapopa okhaokha kukaonetsa Dyna kumjigo. Nkhani ya chibwenzi cha Fyness itakoma, ndawaiwala pachidebe. Mayi ake a Dyna awatola, aona mano aja, ndiye akuti apita nawo kwa abusa madzulo ano.

Mwatsala ndi magazi opanda owamwa. Thamangani mukawafotokozere kuti ndi masewera chabe, koma zoti anamapopa musatchule mokweza, anthu akuno mukuwadziwa. Ine manyazi andigwira, ndathawira kwa azakhali ku Maseya. Pepani. Kukwiyako mukwiye mutawatenga kaye.

Mlongo wanu,
Chiku