Mbuzi Yadya Makadi a Ukwati

Okondedwa ba Esinati, mlongo wanga,

Muli bwanji kumeneko? Ife kuno ku Kanakantapa tili bwino, amayi mwendo uja wapola.

Kachidindo ka maluwa kamene munanitumizira kanitchukitsa! Ninapanga makadi oitanira anthu ku ukwati wa msuweni wathu Tisa, okongola moti Lusaka yonse ingagwade. Guluu atatha, ninaphika phala la ufa wa chinangwa n'kumatira timitima todula, n'kuyanika makadiwo pa mphasa. Pobwera ku dimba ninapeza mbuzi ya amalume yatafuna onse! Tisa analira ngati mwamuna wamuthawa.

Chonde tumizani mapepala olimba na guluu msanga, apongozi a Tisa asanaganize kuti tawanyoza. Mbuziyo yadziitana yokha, ndipo amalume avomera: ibwera ku ukwati ili mu poto.

Mulungu akusungeni.

Ine mlongo wanu, katswiri wa Chongwe yense,
Mabvuto